Zinyalala za ku Ponte Adataya Ndani?

Pali mawu ena amene ndatopa nawo, ndipo chondiwawa n'chakuti amene amawalankhula kawirikawiri si Azungu ayi, ndife tomwe eni khungu lakuda. Mawu ake ndi akuti munthu wakuda sangasamale nyumba yabwino. Amati mupatseni nyumba yosanja lero, chaka chikamatha mukapeza mbaula m'bafa, nkhuku pakhonde, mazenera atatsekedwa ndi makatoni. Amalankhulidwa moseka mawu amenewa, m'minibasi, pamowa, ngakhale pasiwa, ndipo omvera amangogwedeza mitu ngati amva vesi.

Tsiku lina masana tikudya ku ofesi, mkulu wina amene ndimamulemekeza, munthu wophunzira kundiposa ndiponso woyenda maiko, adawabwerezanso. Pofuna umboni adatembenukira kwa ine.

"Inu achimwene, si mudapitako ku Johannesburg? Mudaiona Ponte? Nthawi ya Azungu inali paradizo imene ija. Atangolowamo abale athuwa, zinyalala zidakwera mpaka nsanjika 14. Mpaka adachita kubwera anthu andalama kudzawatulutsa kuti nyumbayo ikhalenso nyumba."

Ndidangoti, "Ndamva bwana." M'boma sitikangana ndi wamkulu mbamu ili m'manja. Koma mawuwo adandikhala pakhosi ngati munga wa chambo, ndipo poti papepala palibe bwana, ndiyankhira pano.

Kwa amene sadaione, Ponte City ili m'dera la Berea, moyandikana ndi Hillbrow, pakati pa mzinda wa Johannesburg. Idamalizidwa m'chaka cha 1975. Ili ndi nsanjika 54, kutalika kwake ndi mamita 173, ndipo kwa zaka zambiri padalibe nyumba ina yogonamo anthu mu Africa muno yoiposa msinkhu. Adajambula mapulani ake ndi Mannie Feldman, Manfred Hermer ndi Rodney Grosskopff. Ndi yozungulira ngati nkhokwe, koma nkhokwe yopanda denga, pakuti pakati pake n'pobooka kuchokera pansi mpaka kumwamba. Sadaiboole pofuna kukongoletsa chabe. Malamulo a mzindawo ankafuna kuti khitchini ndi bafa zikhale ndi zenera, choncho dzenje lapakatilo ndilo linkalowetsa kuwala ndi mpweya mbali ya m'kati. Pansi pa dzenjelo adasiya thanthwe la phiri limene adamangapo nyumbayo, losasalaza, monga momwe adalipezera.

Ine ndidaima pathanthwe limenelo m'chaka cha 2019. Ndidapita ku msonkhano wa ntchito, ndipo tsiku Loweruka msuweni wanga amene amasoka zovala kumeneko adanditengera kwa mnzake wokhala m'nyumbayo. Ukaima pansipo n'kuyang'ana kumwamba, thambo limaoneka laling'ono ngati mbale ya ndiwo, mazenera atakuzinga mbali zonse, mizere mizere mpaka chizungulire. Zinyalala sindidazione. Ndidaona alonda pakhomo, makina oikapo chala kuti chitseko chitseguke, amayi atanyamula majumbo a ku msika, ndi ana akukangana kuti adine batani la chikepe ndani. Onsewo anali akuda. Ndikadafuna, yankho langa kwa bwana uja likadathera pomwepa. Koma nkhani yawo ija yabodza ili ndi mizu yaitali, ndipo udzu wotere ukangoudula pamwamba umaphukanso mvula yoyamba.

Tiyambe ndi paradizoyo. Inde, Ponte itangotsegulidwa inali yapamwamba. Pansi pake padali masitolo, ndipo mafulati a pamwamba penipeni anali osanja katatu, okhala ndi zipinda zosambiramo nthunzi ndi makapeti aubweya ofika mpaka m'makoma. Koma paradizoyu anali wa yani? Lamulo la Group Areas Act la 1950 lidagawa mizinda motsata khungu, ndipo Berea ndi Hillbrow anali madera a Azungu okhaokha. Munthu wakuda ankalowa mu Ponte ndi tsache kapena ndi mwana wa dona kumsana. Zipinda za antchito zidaikidwa kudenga, ndipo mazenera ake adawakweza kupitirira mutu wa munthu kuti wantchito asamasuzumire m'nyumba za Azungu. Taganizani zimenezo: munthu akugona pamwamba pa mzinda wonse, pamalo poti akadaona mpaka kumalekezero a dziko, koma chimene akuona ndi khoma. Ukhondo umene bwana amausirira uja unali ntchito ya manja a anthu amenewo. Ankakolopa, kutaya zinyalala ndi kupukuta magalasi ndi akuda. Tsono ngati munthu wakuda sadziwa kusamala nyumba, paradizoyo ankamusesa ndani?

Ndikamaganiza za zaka zimenezo ndimakumbukira malemu agogo anga aamuna, amene adapita kumigodi ndi Wenela. Mawu akuti chikepe ndidayamba kuwamva kwa iwo, koma chikepe chawo chinkapita pansi, kumdima, kumene kunkachokera golide amene adalemeretsa mzinda umenewu. Mu April 1974, Ponte ili m'kati momangidwa, ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74. Akadapulumuka, padalibe ndi mmodzi yemwe amene lamulo likadamulola kuchita lendi m'nyumba imene inkakwera pamwamba pa phiri la Berea.

Ndiponso paradizoyo sadakhalitse. Mu June 1976, penti isanasuluke n'komwe, ana asukulu adaukira boma ku Soweto, chuma chidagwedezeka, ndipo Azungu ambiri adayamba kuchoka pakati pa mzinda kupita ku madera a kumpoto kokhala ndi mipanda ndi kapinga, ena mpaka kutuluka m'dzikomo. Mafulati a ku Hillbrow ndi Berea adayamba kukhala opanda anthu. Pa nthawi yomweyo m'madera amene boma lidapatula kuti mukhale Amwenye, Makaladi ndi akuda mudali kusowa nyumba koopsa, mabanja atatu m'kanyumba kamodzi. Apa nyumba zopanda anthu, apo anthu opanda nyumba. Eni nyumba sadachedwe kuwerengera. Adayamba kulandira alendi oletsedwa ndi lamulo, mwakachetechete, nthawi zina pogwiritsa ntchito dzina la Mzungu papepala la mgwirizano.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupempha owerenga adekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlendi amene lamulo likuti sayenera kupezeka m'nyumbamo sangadandaule. Paipi ikaphulika akanena kwa yani? Akapita ku khonsolo ndiye kuti wadzipereka yekha kwa apolisi. Eni nyumba ambiri adaziona zimenezi. Adakweza lendi kuposa imene Mzungu ankalipira, ndipo nthawi yomweyo adachepetsa ndalama zokonzera zinthu. Lendi ikakwera kupitirira malipiro ako umatani? Umaitana mnzako kuti mugawane, mnzakoyo naye aitana mlamu wake. Fulati ya anthu awiri ikhala ya anthu asanu ndi atatu. Chimbudzi chomwecho, paipi yomweyo, chikepe chomwecho, koma ntchito yake yachuluka kanayi, ndipo wokonza sabweranso. Zimenezi sindikupeka ine. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Alan Morris adafufuza za Hillbrow n'kulemba buku lotchedwa Bleakness and Light, limene lidatuluka mu 1999, ndipo khalidwe la eni nyumba ndi limodzi mwa zinthu zimene adaziunika kwambiri.

Lamulo latsankho lidafooka pang'onopang'ono. Mu 1982 woweruza Richard Goldstone, pa mlandu wa Govender, adagamula kuti munthu asatulutsidwe m'nyumba chifukwa cha Group Areas Act khoti lisanaganizire ngati ali ndi kwina kopita. Malamulo a ziphaso zoyendera adathetsedwa mu 1986, ndipo Group Areas Act idafafanizidwa mu 1991. Koma pamene anthu akuda adaloledwa kukhala pakati pa mzinda poyera, ndalama zinali zitasamuka kale. Mabanki adaleka kupereka ngongole zogulira kapena kukonzera nyumba m'madera amenewa. Makampani akuluakulu adasamukira ku Sandton, ndipo mu 2000 ngakhale msika wa masheya wa Johannesburg udawatsatira komweko. Anthu adalandira makiyi a nyumba imene mwini wake anali atazimitsa kale magetsi m'mutu mwake.

Ife amene tidakulira kumudzi timalephera kumvetsa chinthu chimodzi chokhudza nyumba yosanja, ndipo ndikuganiza kuti bwana wanga nayenso, ngakhale adayenda, sadachimvetse. Nyumba ya kumudzi aisamala ndi mwini wake. Denga likadontha umweta udzu, khoma likang'aluka uponda dothi, zinyalala ukataya kudzala kuseri kwa khola. Nyumba ya nsanjika 54 si yotero. Imeneyo ndi makina, ngati basi. Madzi safika okha ku nsanjika ya 40, amachita kukankhidwa ndi mapampu. Munthu safika yekha, amanyamulidwa ndi chikepe chimene chimafuna mmisiri wake mwezi ndi mwezi. Wokwera basi angakhale waukhondo chotani, sangasinthe oilo wa injini. Imeneyo ndi ntchito ya amene amalandira ndalama za matikiti. Tsono yerekezani mayi wokhala ku nsanjika ya 40, chikepe chafa, m'masitepe mulibe getsi ndipo mwabisala achifwamba, mwana ali kumsana, jumbo la zinyalala lili m'manja, ndipo pafupi pomwepo pali zenera loloza ku dzenje lopanda mwini. Mukuganiza kuti jumbolo lipita kuti?

Sindikuti adachita bwino. Dzanja limene lidaponya jumbolo ndi la mlendi, ndipo kuponya zinyalala pazenera ndi uve, kaya waponya ndi wakuda kaya ndi woyera. Koma jumbo likagona pansi sabata imodzi, mlandu ndi wa woponya. Likagona zaka, anzake n'kumaunjikana pamwamba pake mpaka mulu kufika m'mazenera, mlandu wasamukira kwa amene mwezi uliwonse ankabwera kudzatolera lendi n'kutuluka atatseka mphuno. Lendi ija mbali yake ina inali ya ochotsa zinyalala. Idapita kuti?

Za kutalika kwa muluwo, ndaona kuti umakula malinga ndi pakamwa pa wosimba. Ena amati nsanjika zitatu, ena zisanu, ena 14 monga adanenera bwana. Uli ngati nsomba imene idapulumuka pambedza, chaka chilichonse imanenepa. Sindikukana kuti zinyalala zidalipo, ndipo zinali zambiri. Sindikukananso kuti m'zaka za m'ma 1990 mu Ponte mudali mfuti, mankhwala ozunguza bongo ndi uhule, kapena kuti anthu ena otaya mtima adadziponya m'dzenje lija. Zonsezo zidachitika. Koma osimba amaiwala kuti oyamba kuvutika ndi zigawengazo anali alendi anzawo, anthu wamba ochuluka amene ankadzuka m'mamawa kupita kukalondera, kukameta anthu kapena kukagulitsa pamsewu. M'nyumba ya mafulati oposa 400, zigawenga zochepa zikhoza kuipitsa dzina la aliyense. Ndipo poti m'zaka zimenezo mudalowa anthu ambiri ochokera ku Congo, Nigeria ndi maiko ena a mu Africa, nkhani idapeza mbuzi yoisenzetsa: alendo ndiwo aononga. Mmalawi amene amabwereza nkhani imeneyi sadziwa kuti akunola mpeni umene mu May 2008 udapha anthu 62 pa zipolowe zothamangitsa alendo m'dziko lomwelo, ndi kubweza Amalawi anzathu kumudzi m'mabasi ali chimanjamanja.

Ngati vuto lili pakhungu, wina andifotokozere za Red Road. Amenewa anali mafulati ataliatali a mumzinda wa Glasgow ku Scotland, omangidwa m'zaka za m'ma 1960. Adalowamo anali Azungu, mbadwa za komweko. Pasanapite zaka zambiri zikepe zidayamba kufa, umbava udakula, anthu adayamba kuthawamo, ndipo omaliza mwa mafulatiwo adagwetsedwa mu 2015. Kumeneko palibe adanena kuti Mzungu sadziwa kusamala nyumba yosanja. Adanena za umphawi, za ulova ndi za kusowa kwa ndalama zokonzera. Chifukwa chiyani matenda omwewo akagwira ife timati ndi chibadwa?

Mu 1998 padamveka maganizo oti Ponte isandutsidwe ndende. Sadatheke, koma amaonetsa mmene akuluakulu ankaionera nyumbayo ndi anthu ake: poti achuluka kale m'menemo, tingowatsekera.

Tsopano tifike pa anthu andalama aja, amene bwana akuti ndiwo adapulumutsa nyumbayo. Pano ndiye pamene nkhani yawo yatembenuza zinthu chadodolido. Mu 2007 David Selvan ndi Nour Addine Ayyoub adalengeza ntchito imene adaitcha New Ponte. Mpira wa dziko lonse wa 2010 unali pafupi, ndipo aliyense ankalota ndalama. Cholinga chawo chinali kusandutsa mafulatiwo kukhala apamwamba n'kuwagulitsa kwa anthu opeza bwino. Adawapatsa ndi maina omwe malinga ndi kakongoletsedwe kake, monga Old Money ndi Moroccan Delight. Zithunzi zokopa ogula zidapachikidwa. Alendi ambiri adauzidwa kuti asamuke, ndipo pafupifupi theka la nyumbayo lidatsala lopanda anthu. Amisiri adayamba kuphwasula m'mafulati, ndipo zigumukazo ankaziponya kuti? M'dzenje lomwe lija. Kenaka mu 2008 chuma cha dziko lonse chidagwa, mabanki adafumbata manja, ntchito idaima, ndipo New Ponte idafa isanabadwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Opulumutsawo adasiya nyumba yong'ambika, ogula amene adakhulupirira zithunzi ali kakasi, ndi mabanja atabalalika.

Mboni za nthawi imeneyo zilipo. Wojambula zithunzi Mikhael Subotzky ndi mnzake Patrick Waterhouse adayamba kugwira ntchito m'nyumbayo mu 2008, ndipo kwa zaka zingapo adajambula khomo lililonse, zenera lililonse ndi wailesi yakanema iliyonse. Buku lawo la Ponte City lidatuluka mu 2014, ndipo chaka chotsatira lidapata mphoto ya Deutsche Börse. M'mafulati osiyidwa adatolamo makalata, zithunzi za mabanja ndi mapepala opemphera chilolezo chokhala m'dziko, zinthu zoti munthu sasiya ngati wasamuka mwaufulu ndi mosafulumira. Amenewa ndiwo anthu amene nkhani ya bwana imawatcha zinyalala zoyenera kusesedwa.

Nanga adaikonza ndani? Yankho lake ndi losasangalatsa, n'chifukwa chake silisimbidwa pamowa. Kampani ya Kempston, imene idagula nyumbayo m'zaka za m'ma 1990, idaikamo oyang'anira okhala pomwepo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo iwo adayamba kuchotsa zinyalala, kutulutsa zigawenga ndi kukhwimitsa chitetezo, New Ponte isanalotedwe n'komwe. Maloto a anthu andalama aja atafa, nyumbayo idabwerera m'manja mwa Kempston, ndipo ntchito idapitirira: zikepe zatsopano, mawaya, mapaipi, alonda usana ndi usiku, wina wolemba dandaulo ndi wina wopita kukakonza. Palibe chozizwitsa. Ndi ntchito imene ikadagwiridwa kuyambira kale, dzenje lija silikadadzaza. Ndipo amene adadzazanso mafulatiwo n'kumalipira lendi imene idalipirira zonsezi sanali a Old Money ayi. Anali anthu antchito wamba, ophunzira, mabanja, mbadwa za South Africa ndi alendo ochokera m'maiko ena a mu Africa. Mtundu womwewo wa anthu amene akuti adaiononga ndi umene udali m'menemo pamene inkachira. Chidasintha si khungu la mlendi. Chidasintha n'chakuti mwini nyumba adayambanso kugwira ntchito yake.

Pali chinthu china chimene chidathandiza Ponte, chimene ife ogwira ntchito m'boma tiyenera kuchimvetsa msanga. Nyumbayi inali ndi mwini mmodzi. Mafulati ambiri a ku Hillbrow adagulitsidwa limodzilimodzi kwa anthu osiyanasiyana, ndipo onsewo ankayenera kusonkha ndalama zosamalira chikepe, denga ndi madzi. Ena atasamuka n'kuleka kusonkha, otsala adalemedwa, ngongole za madzi ndi magetsi zidakwera, khonsolo idadula, ndipo nyumba idatsala yopanda woiyankhira. Pamenepo ndi pamene ankalowerera anthu olanda nyumba n'kumatolera lendi ndi mfuti. Ku Ponte kudali khomo limodzi logogoda. Likhoza kukhala khomo la munthu wogona, koma wogona amadzuka. Kumene kulibe khomo ungagogode pati?

Ndisanamizire kuti Ponte imene ndidaiona inali kumwamba. Malamulo ake anali okhwima ngati a sukulu yogonera komweko: mlendo alembetse, asiye chiphaso, ndipo mnzake wa msuweni wanga ankadandaula kuti ngakhale mbale wako weniweni sangangogona popanda chilolezo. Kempston sidakonze nyumbayo chifukwa cha chifundo, idaona phindu. Lendi yake, ngakhale siinali ya anthu olemera, wosauka weniweni sakadaikwanitsa. Ndiponso nkhani ya gehena ija ili ndi msika wake. Opanga mafilimu amaikonda Ponte akafuna malo oopsa, monga mu Chappie wa 2015. Alendo okaona malo nawonso amafuna kumva za mulu wa zinyalala, ndipo ukakhala wautali ndiye amatsegula maso kwambiri. Bungwe la Dlala Nje, limene lidayamba mu 2012 pansi pa nyumbayo, lidayesetsa kugwiritsa ntchito chidwi chimenechi poyendetsa alendo m'deralo ndi kutsegula malo oti ana azisewera ndi kuwerenga. Zimenezo ndi zabwino. Koma mlendo akabwerera kwawo amakumbukira nsanjika 14 zija, za wokonza chikepe amaiwala.

Funso limene osimba nkhani za kukonzanso nyumba safunsa ndi ili: otulutsidwa aja amapita kuti? Munthu sasungunuka ngati mchere. Akachotsedwa m'nyumba yokonzedwa amakalowa m'nyumba yosakonzedwa, msewu wachiwiri kuchokera pomwepo. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa lidakumana ndi funso limeneli kawiri kuchokera ku Berea komweko. Mu February 2008, pa mlandu wa anthu okhala pa 51 Olivia Road, lidagamula kuti khonsolo isatulutse anthu m'dzina la chitetezo chawo isanakambirane nawo moona mtima za kumene apite. Mu December 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, wokhudza anthu okhala mu Saratoga Avenue, msewu wodutsa m'munsi mwa Ponte, lidati khonsolo ili ndi udindo wopezera pogona pongoyembekezera ngakhale anthu otulutsidwa ndi mwini nyumba amene si boma. Zigamulo zabwino, koma chigamulo si denga.

Usiku wa pa 31 August 2023 moto udabuka m'nyumba ya Usindiso, ya nsanjika zisanu, pa 80 Albert Street ku Marshalltown, mtunda wochepa kuchokera ku Ponte. Anthu 76 adafa, ndipo mwa amene matupi awo adazindikirika, 20 anali Amalawi. Ena adapsa atapanikizana pa zitseko zachitsulo zokhoma, ena adadumpha pamazenera. Nyumba imeneyi kale inali ofesi ya ziphaso, kumene munthu wakuda ankaima pamzere kupempha chilolezo chokhala mumzinda. Moto usanazime n'komwe, nkhani ija idayambanso: alendo, olanda nyumba, anthu osadziwa kukhala m'tauni. Pambuyo pake munthu wina adavomera pamaso pa komiti yofufuza kuti ndiye adayatsa motowo. Koma mwini wake wa nyumbayo anali ndani? Khonsolo ya mzinda wa Johannesburg. Komitiyo, motsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe, idanena mu 2024 kuti khonsoloyo ndi kampani yake yoyang'anira nyumba ankadziwa kwa zaka mmene zinthu zinalili m'menemo ndipo sadachitepo kanthu. Munthu mmodzi adayatsa machesi, koma nkhuni zidaunjikidwa kwa zaka ndi mwini nyumba amene ankalandira malipoti n'kuwaika m'kabati.

Ponte ndi Usindiso zili mumzinda umodzi, ndipo mudalowa anthu ofanana, ena mwina a mudzi umodzi kuno kwathu. Ina ana akukanganira batani la chikepe, ina idasanduka manda. Aliyense amene akufuna kundiuza kuti kusiyana kwake kuli m'magazi a okhalamo ayambe wapita kukanena zimenezo kwa amayi amene adalandira bokosi kuchokera ku Joni.

Mwina wina afunsa kuti kalaliki wa boma ngati ine zikundikhudza bwanji za nyumba ya m'dziko la eni. Zikundikhudza chifukwa kabati ija ndimaidziwa, ndipo makiyi ake ena ali m'thumba mwanga. Zaka zonse zimene ndagwira ntchito ndaona mmene bajeti imadulidwira. Ndalama zikachepa, sitidula za maulendo, sitidula za misonkhano ya kunyanja. Timayamba ndi mzere wa zokonzakonza, chifukwa khoma silichita sitalaka ndipo paipi silemba kalata kwa nduna. Nyumba yatsopano ili ndi riboni yodula ndi mwala wolembapo dzina, pamene kusintha wasala wa mpopi kulibe wojambula. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pakapita zaka khumi denga likagwa, timaima panja manja m'chiuno n'kumati anthu athu sadziwa kusamala zinthu. Mawu amenewa ndi okoma kwa ife chifukwa amachotsa mlandu pa desiki ya munthu mmodzi wodziwika dzina n'kuumwaza pa mtundu wonse, kumene sungapezekenso.

M'nyumba imene muli ofesi yathu muli paipi imene yakhala ikudontha pamasitepe kwa zaka zitatu. Khoma lidayamba lachita mawanga, kenaka ndere, tsopano pulasitala akugwa ndipo chitsulo cha m'kati chayamba kuoneka. Amayi amene amakolopa adaikapo chidebe, ndipo amachikhuthula kawiri pa tsiku popanda wowatuma. Ine ndalembapo mamemo anayi. Yachinayi idabwerera sabata yomwe ija tidakambirana za Ponte. Pakona pake padalembedwa ndi inki yobiriwira kuti palibe ndalama chaka chino, tidzaone chaka chamawa, ndipo pansi pake padali siginecha ya bwana anga omwe aja.